Don, Dom ndi Bambo: ulendo wa mayina aulemu kuchokera ku Roma mpaka ku Fíngoè

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano limene linathetsa nkhondo ya zaka 16 m'dziko la Mozambique. Amkhalapakati pa zokambiranazo, zimene zinayamba mu Julayi 1990, analipo anayi: a Mario Raffaelli oimira boma la Italy, a Andrea Riccardi amene anayambitsa gulu la Sant'Egidio, wansembe wa gulu lomwelo a Matteo Zuppi, ndi a Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira. Awiri omalizawa ankaitanidwa ndi mawu omveka ngati amodzi. Wina anali don Matteo, wina Dom Jaime. Wongomvera pa wailesi akanayesa kuti udindo wawo ndi wofanana, koma sizinali choncho. Ku Italy don ndi la wansembe wamba wa pa parishi. M'Chipwitikizi Dom ndi la episkopi, ndipo kale linali la mafumu ndi a m'mabanja apamwamba. Mawu onse awiri anabadwa kwa mayi mmodzi, dominus wa Chilatini, kutanthauza mbuye, koma aliyense anakulira kwina. A Zuppi anadzakhala arkiepiskopi wa ku Bologna mu 2015 ndi kadinala mu 2019, komabe anthu akwawo mpaka lero amangoti don Matteo, posonyeza kuti ukulu sunawachotse pakati pa anthu.

Nkhaniyi ingaoneke yakutali kwa munthu wa ku Fíngoè, likulu la boma la Maravia. Koma pangano la ku Roma lija ndi limene linabweza anthu akuno kuchokera ku Ukwimi, m'boma la Petauke, ndi m'misasa ina ya ku Zambia ndi Malawi, ndipo pobwerera sanasenze mapoto ndi makasu okha. Anabwera ndi maitanidwe a kumene anathawira, n'kudzawaphatikiza pa amene analipo kale. Lero mwamuna mmodzi yemweyo akhoza kukhala senhor m'mawa ku ofesi, a Tembo masana pamsika, ba Tembo kwa wogula chimanga wochokera ku Zambia, Mr Tembo pa kalata ya bungwe lachithandizo, camarada pamsonkhano wa chipani, ndipo madzulo pakhomo pake amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Mwa mayina onsewa, lomulemekezadi ndi liti? Nanga dzina laulemu limasanduka chiyani likachoka m'chinenero chimene linabadwira? Mbiri ya mayina a ku Italy ndi momwe Angerezi anawatengera imaunikira bwino mafunso amenewa, chifukwa zimene zinachitikira signor ku London zinachitikiranso senhor m'mbali mwa Zambezi.

Mwamuna aliyense wamkulu ku Italy ndi signore. Mawuwa anachokera ku senior, Chilatini cha "wamkulupo", kumenenso kunachokera senhor wa Apwitikizi, señor wa ku Spain ndi sir wa Angerezi. Ndiye kuti ulemu wa Azunguwa unayambira pa msinkhu, pamene wathunso unayambira tikamati akulu kapena achikulire. Pali kalamulo kamene alendo amapunthwa nako: mawuwa akatsogolera dzina, chilembo chomaliza chimagwa. Mumati signor Rossi, koma poitana munthu amene simukumudziwa dzina mumati signore. Akalembedwa ndi chilembo chachikulu, il Signore, ndi Mulungu, monga mmene ife timanenera Ambuye m'pemphero ndi ambuye kwa agogo kapena atsibweni.

Koma Mtaliyana sakhutira ndi signor ngati munthuyo ali ndi kena kake komukweza. Aliyense amene anatsiriza yunivesite ndi dottore, ngakhale sanagwirepo jakisoni chibadwire, ndipo lamulo la mu 2004 linatsimikiza kuti digiri yoyamba ya zaka zitatu ikukwanira. Loya ndi avvocato, injiniya ndi ingegnere, mphunzitsi wa sekondale ndi professore, phungu wa nyumba ya malamulo ndi onorevole, ndiye kuti olemekezeka. Mayinawa amamatirira munthu mpaka kumeza dzina lake lenileni. A Gianni Agnelli, amene anatsogolera kampani ya galimoto ya Fiat kuyambira 1966 mpaka 1996, dziko lonse linkangowatchula l'Avvocato chifukwa anaphunzira zamalamulo, ngakhale ntchito ya uloya sanaigwire. A Silvio Berlusconi ankadziwika kuti il Cavaliere, kuchokera pa mendulo ya Cavaliere del Lavoro imene analandira mu 1977.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lomweli linayesa kuthetsa maudindo obadwa nawo. Ufumu utatha mu 1946, malamulo aakulu amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1948 ananena kuti boma silizindikiranso maudindo monga conte, marchese ndi duca. Patangopita zaka zitatu, mu 1951, boma latsopanolo linakhazikitsa mendulo zakezake, zokhala ndi makwerero oyambira pa cavaliere kudzera pa commendatore kukwera m'mwamba. Ulemu wa magazi unatsika, wa pepala ndi mendulo unakwera. M'mbuyomo, mu 1938, boma la Benito Mussolini linali litalamula kuti anthu asiye mawu aulemu akuti lei, ofanana ndi inu wathu, ati n'ngachilendo ndi achikazi, azinena voi. Ngakhale magazini ya amayi yotchedwa Lei inasintha dzina n'kukhala Annabella. Ulamuliro wake utagwa, lei anabwerera m'kamwa mwa anthu popanda womuitana. Boma likhoza kulamula zolembedwa pa fomu, koma mmene munthu amaitanira mnzake pamsewu sizimvera lamulo.

Angerezi anakumana ndi mayinawa kalekale, pamene Venice ndi Florence inali mizinda ya chuma ndi luso. M'masewero a William Shakespeare ochitikira ku Italy, monga The Merchant of Venice ndi Much Ado About Nothing, amuna amaitanidwa Signior, kalembedwe ka masiku amenewo. Ngakhale mfumu ya ku Turkey ankaitcha Grand Signior, dzina lotengera kwa Ataliyana. M'zaka za m'ma 1800, nyimbo za opera zitatchuka, dzina lachitaliyana linasanduka chokopera makasitomala. Woyimba wina wa ku Ireland, Allan James Foley, ankakwera pa nsanja monga Signor Foli, chifukwa olipira pakhomo ankakhulupirira kuti mawu abwino amachokera ku Italy kokha.

Nyuzipepala ndi andale a ku Britain anali ndi chizolowezi chopatsa mlendo aliyense dzina laulemu la kwawo: Mjeremani Herr, Mfalansa Monsieur, Mtaliyana Signor. Pa nkhani ya ku Munich mu 1938, nduna yaikulu Neville Chamberlain ankati Herr Hitler ndi Signor Mussolini. Chizolowezichi chinali ndi nkhope ziwiri. Mbali ina chinali ulemu, kuitana munthu monga amaitanidwira kwawo. Mbali ina chinali chikwangwani chonena kuti uyu si mnzathu, Mr ndi wa ife tokha. Chizolowezicho chinazilala pang'onopang'ono, moti lero atolankhani a ku London amalemba Mr patsogolo pa dzina la Mtaliyana monga alembera Mngerezi aliyense. Dottore ndi ingegnere sanaoloke n'komwe, chifukwa Mngerezi akamva dokotala amayembekezera sing'anga wa kuchipatala kapena wa digiri yapamwamba kwambiri.

Limene linavulala kwambiri paulendowu ndi don. Kumwera kwa Italy mawuwa ankapatsidwa kwa wansembe ndi kwa mwamuna wolemekezeka m'mudzi, pamodzi ndi dzina lake loyamba. Koma buku la Mario Puzo la The Godfather la mu 1969, ndi kanema wake wa mu 1972, zinaphunzitsa dziko lonse lolankhula Chingerezi kuti don ndi mkulu wa zigawenga. Anyamata a ku Lilongwe ndi Lusaka amene amatamandana kuti uje ndi don amatengera pamenepo. Sakunena za wansembe. Pomwepo mu Lilongwe yemweyo, ku Area 23, kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco, ndipo ambiri amayesa kuti Don linali dzina la munthuyo. Dzina lawo linali Giovanni, wansembe wa ku Turin amene anabadwa mu 1815 n'kumwalira mu 1888, atatha moyo wawo wonse akutola ndi kuphunzitsa anyamata osauka a m'misewu. Kuno ku Tete, kumene a mpingo wawo wa Salesian ali ku Moatize ndi ku Matundo, timalemba Dom Bosco, ndipo kwa wodziwa Chipwitikizi zimamveka ngati anali episkopi, pamene sanakhalepo. Chingerezi chinadetsa dzinali, Chipwitikizi chinalikweza, ndipo zonse ziwiri zinaphonya chimene mwini wake ankatanthauza.

Ena anaoloka bwinoko. Monsignor, kuchokera ku monsignore, "mbuye wanga", anakhazikika m'Chingerezi cha Akatolika, ngakhale Papa Francisco analamula mu 2014 kuti wansembe wa dayosizi asalandire dzinali asanakwanitse zaka 65, pofuna kuchepetsa mtima wothamangira maudindo. Maestro, amene ku Italy angakhale mphunzitsi wa pulaimale, m'Chingerezi ndi katswiri, makamaka wotsogolera oyimba. Ndipo malonda sanali a mbali imodzi. Osewera mpira ku Italy amaitana mphunzitsi wawo kuti mister, chizolowezi chimene amati chinayamba ndi Mngerezi William Garbutt, amene anayamba kuphunzitsa timu ya Genoa mu 1912. Apwitikizi nawo amatero, ndipo m'mabwalo a mpira a ku Mozambique mudzamva mister yemweyo. Dzina laulemu likaoloka malire limakhala ngati jekete ya pa kaunjika: nsalu ndi yomweyo, koma inasokedwera mapewa a wina, ndipo woivala tsopano imamuthina pena, kumukhwepa pena.

Tsono tibwere kwathu. Dera lino dzina lake likuchokera kwa Amaravi, ndipo linali ndi maudindo akeake Mpwitikizi asanaponde. Undi, amene likulu lake linali ku Mano, kumpoto kwa Zambezi m'chigawo chino cha Tete, anasamukira ku Katete m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero mafumu a Achewa a ku Mozambique amapita ku Mkaika mwezi wa Ogasiti kukachita Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mayina achipwitikizi analowa ndi eni minda ya prazo ndi asilikali awo Achikunda. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, cha ku Zumbo, kunali José do Rosário Andrade ndi José de Araújo Lobo, amene boma la Apwitikizi linawaveka maudindo a usilikali monga sargento-mor ndi capitão-mor. Anthu amene ankalandidwa minyanga ndi ana awo sanawadziwe ndi mayina amenewo. Ankati Kanyemba ndi Matakenya, ndipo ndi mayina omwewo amene akumbukiridwa nawo. Komabe mawu a nthawi imeneyo anatsalira m'chinenero chathu. Capitão anasanduka kapitawo, woyang'anira anzake pa ntchito ya m'munda kapena ya pamsewu. Dona, mkazi wa Dom, anasanduka adona, akazi a bwana. Kutsidya kwa Zambezi, ku Buhera m'dziko la Zimbabwe, anthu a mtundu wa Njanja amatamandana ndi dzina lakuti Sinyoro, limene ndi senhor yemweyo atavala Chishona.

Chimene chinapweteka kwambiri si mayina amene anabwera, koma amene anamanidwa. Pansi pa lamulo la indigenato, limene linathetsedwa mu 1961, anthu anagawidwa pawiri. Azungu ndi anthu akuda ochepa amene analandira chikalata cha assimilado, atasonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi, ali ndi ntchito yolipidwa ndipo anasiya miyambo ya makolo, ndiwo ankayenera senhor. Ena onse anali indígena. Bambo wa imvi, wa zidzukulu, pamaso pa chefe do posto anali rapaz, mnyamata, monganso ku Nyasaland ndi ku Rhodesia wophika wa zaka 60 ankaitanidwa boy. Iye poyankha ankayenera kuvula chipewa n'kunena patrão. Mfumu nayo inachepetsedwa n'kukhala régulo, kamfumu, ndipo ntchito yake inakhala yotolera msonkho ndi kupereka amuna ku chibalo, asipayo ali pambuyo. Amene amati nkhani ya maitanidwe ndi yachabe aiwala kuti utsamunda unkayamba m'kamwa usanafike pa chikoti. Munthu amene wamulanda dzina la ukulu n'ngosavuta kumumanga chingwe.

N'chifukwa chake Frelimo, imene inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu Malichi 1968, inabwera ndi mawu akeake. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, senhor ndi patrão anakhala mawu ochititsa manyazi, ndipo aliyense anakhala camarada. Cholinga chinali chabwino, ndipo sindikuchiyerekeza ndi cha Mussolini: ankafuna kuti mlimi ndi nduna aitanidwe mofanana. Koma makwerero anabwerera kudzera kukhomo la kuseri. Panabuka camarada chefe, camarada director, Camarada Presidente. Cholakwika chachikulu chinali kutaya mafumu onse pamodzi ngati zida za atsamunda, n'kuika alembi a chipani m'malo mwawo. Kumidzi anthu anapitiriza kunena kuti amfumu ndi kuwomba m'manja pofika pabwalo, ndipo mkwiyo wa mafumu onyozedwa unathandiza Renamo kupeza malo m'madera ambiri. Boma linadzavomereza zimenezi ndi lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000, limene linazindikiranso atsogoleri a kumidzi, ndipo malamulo aakulu a dziko a mu 2004 analemba poyera kuti boma limalemekeza ufumu wa makolo ndi zinenero za dziko.

Lero camarada watsalira m'misonkhano ya chipani, ndipo malo ake atenga mayina a pepala, ofanana kwambiri ndi a ku Italy aja, popeza Portugal ndi Italy amamwa chitsime chimodzi pa nkhaniyi. Wotsiriza yunivesite ndi doutor, womanga milatho ndi engenheiro, waudindo ndi Excelência, ndipo aliyense amene ali ndi chidindo kapena yunifolomu ndi chefe. A Filipe Nyusi pa zaka zawo khumi za utsogoleri ankatchulidwa kawirikawiri ndi dzina la uinjiniya patsogolo. Kwa anansi athu nako n'chimodzimodzi. Ku Malawi a Kamuzu Banda anali Ngwazi, Dokotala, ndipo kuyambira 1971 Pulezidenti wamuyaya, moti wodumpha limodzi mwa mayinawa ankaika moyo wake pachiswe. Mpaka pano woyendetsa mwambo amatha nthawi yaitali akuwerenga olemekezeka asanafike pa chimene anthu asonkhanira. Ine sinditsutsana ndi kulemekeza maphunziro. Mwana wa ku Malowera kapena Chiputo amene wayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku kupita kusukulu, n'kukafika mpaka ku yunivesite ku Tete, Beira kapena Maputo, akabwera n'kuitanidwa doutor, mudzi wonse uyenera kunyadira. Vuto limayamba pamene dzinalo lasanduka mpanda, pamene ulemu wonse wathera kwa a mapepala ndipo wopanda pepala watsala ndi dzina lake la ubwana lokha.

Apa m'pamene maitanidwe athu amaposa onse amene ndatchulawa, ndipo ndikunena zimenezi mosazengereza. Ulemu wa Achewa ndi Ansenga sufunsa satifiketi. Kachilembo kamodzi, a, kuphatikiza inu m'malo mwa iwe, kamakwanira wolemera ndi wosauka yemwe. Pamwamba pake pali mfunda. Taonani mlendo akafika pakhomo madzulo, fumbi lili m'miyendo. Amukhazika pa mpando, amupatsa madzi, ndipo moni ukatha mwini nyumba amafunsa kuti, "Kodi mfunda wanu ndani?" Akayankha kuti Mwale, nthawi yomweyo mayi wa pakhomopo, amene ndi Namwale, amaseka n'kunena kuti, "Ndiye ndinu alongo anga." Mwamuna wake amayamba kumuitana alamu, ana amauzidwa kuti awa ndi atsibweni anu. Nsima ikatha, mlendoyo amasamba m'manja, n'kuwomba pang'onopang'ono, akuthokoza mwini nyumba ndi mfunda wake: "Zikomo a Phiri." Munthu amene analowa ali mlendo wagona ali mbale. Signor ndi Mr sangachite zimenezi. Iwo amaimika munthu patali pabwino kuti musapondane; mfunda umamukokera mkati. Mwamuna akabereka, dzina lake limapumula, n'kuyamba kuitanidwa kuti bambo a mwana wake. Akakalamba ndi agogo kwa mwana aliyense wa m'mudzi, ngakhale amene sali mdzukulu wake. Dzina lenileni la munthu wamkulu limasungidwa. Mkamwini akhoza kukhala zaka makumi awiri pamudzi osalitchula la apongozi ake.

Mpingo wa Katolika, pamene unamvetsera anthu, unapeza njira yabwino. Amishonale a Consolata, gulu limene linayambitsidwa ndi Giuseppe Allamano ku Turin mu 1901, anafika ku Mozambique mu 1925, ndipo malo awo oyamba anali Miruro, kufupi ndi Zumbo, asanapite ku Niassa. Episkopi wa Tete kuyambira 2019, Dom Diamantino Antunes, ndi wa gulu lomweli. Ku Mangochi ndi Balaka kunadza Ataliyana a gulu la Montfort, monga a Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa Mangochi. Anthu olankhula Chichewa sanavutike ndi don kapena monsignore. Wansembe anamutcha Bambo, woyang'anira parishi Bambo Mfumu, episkopi Ambuye. Mlendo wochokera ku Bergamo kapena Turin anapatsidwa malo m'banja ndi m'mudzi, ndipo malowo anabwera ndi udindo wake, pakuti amene mwamutcha bambo ayenera kupezeka pamaliro ndi pa matenda.

Koma m'maofesi mwathu zinthu sizili choncho, ndipo chimene ndinaona pa chipatala china cha m'dera lino chimandiwawa mpaka lero. Pa benchi panakhala bambo wina wokalamba, mpira wa m'mapazi womangidwa ndi waya, khadi lake lili m'kapepala ka pulasitiki. Pambali pawo panali mkamwini wawo amene anawanyamula pa njinga kuyambira mbandakucha. Mnyamata woitana mayina, wa msinkhu wa mdzukulu wawo, anafuula dzina lawo loyamba, lopanda a, lopanda senhor, kawiri, kenako n'kuwonjezera m'Chinyanja kuti, "Iwe, sukumva?" Mkuluyo anadzuka, anavula chipewa, n'kupita atachigwira pachifuwa ndi manja awiri. Mkamwini uja anazolika, chifukwa anamva pagulu dzina limene iye sanalitchulepo. Posakhalitsa panafika wina wa nsapato zopukutidwa, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo mnyamata yemweyo anaimirira n'kunena kuti, "Faz favor, senhor doutor." Sindikhulupirira kuti mnyamatayo ndi woipa mtima. Kwawo amagwada popereka madzi kwa agogo ake. Koma anaphunzira, popanda womuuza, kuti ulemu wa kumudzi umathera pa geti ya ofesi, ndipo mkati muno ulemu ndi wa Chipwitikizi, woperekedwa kwa oyenera okha. Kavulidwe ka chipewa ka mkulu uja ndi komwe kaja ka pamaso pa chefe do posto. Lamulo la indigenato linafa mu 1961, koma chizolowezi chake chikadali ndi moyo pazenera la ofesi, ndipo amene akuchisunga tsopano ndi ana athu omwe.

Sindikunena kuti maitanidwe athu alibe chilema. Ulemu wa msinkhu umatha kutseka pakamwa wachinyamata amene ali ndi mfundo yoona, ndipo mawu akuti "akulu anena" aphimbapo milandu yambiri. Bwana, amene tinabwereka ku Chiswahili, tamusandutsa nyambo. Munthu amati bwana kasanu m'chiganizo chimodzi pofuna ngongole kapena pozemba chindapusa. Nawonso atolankhani a Chichewa sagwirizana: wailesi imasunga a patsogolo pa dzina, pamene nyuzipepala zambiri za ku Malawi zimamuchotsa potsanzira kalembedwe ka Chingerezi. Ena amati kuchotsako kumafananitsa anthu onse. Ine ndimati njira yofananitsira anthu m'chinenero chathu ndi kupatsa a aliyense, wakuba woimbidwa mlandu ndi nduna yomwe, osati kumulanda aliyense. Angerezi anatenga zaka mazana kuti afike popatsa Mtaliyana Mr yemweyo amene amadzipatsa okha. Ataliyana anathetsa ma conte n'kudzaza dziko ndi ma dottore. Ife chida chopatsa aliyense ulemu wofanana tinali nacho kale, ndipo n'chaulere.

Mayina obwereka sangachoke, ndipo palibe chifukwa chowathamangitsira. Pa kalata ya boma padzalembedwabe Senhor, dokotala adzakhalabe doutor, episkopi Dom. Chofunika n'chakuti asakhale ndi mphamvu yosankha amene ali munthu wamkulu ndi amene sali. Chigawo cha Tete chinali chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesera kuphunzitsa ana m'chinenero chawo pamodzi ndi Chipwitikizi pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo chinenero chake chinali Chinyanja. Aphunzitsi amene mukupitiriza ntchito imeneyo, phunzitsani ana kuti inu ndi a ndi galamala yofunika ngati o senhor, ndipo imagwira ntchito m'kalasi, ku banki ndi kupolisi. Inu anamwino, alembi ndi apolisi a ku Fíngoè, Chipera, Chiputo ndi Malowera, munthu wamkulu akafika pazenera lanu, ngati mukulankhula Chipwitikizi mupatseni senhor, ngakhale abwere wopanda nsapato. Ngati mukulankhula chathu, yang'anani dzina lachiwiri pa khadi lake, muike a patsogolo, ndipo muwauze avale chipewa chawo.